Momwe mungathandizire msilikali wopuma amene anadulidwa mwendo kuti ayambenso kutakataka

Asilikali ena akapuma ntchito ku kampu ya Moyale amangokhazikika mu Mzuzu momwemuno, ku Chiputula, ku Zolozolo kapena ku Luwinga. Pakati pawo pali omwe analondera njanji ya Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Pa ukalamba, chomwe chimawadulitsa mwendo kawirikawiri ndi shuga, kutsekeka kwa mitsempha ya magazi kapena ngozi ya pamsewu. Akatuluka m'chipatala, ife apabanja timawakhazika pampando n'kumati, "Bambo musavutike, tichita ndife." Timatero mwachikondi, koma munthu wongokhala minofu imafooka, shuga amakwera, ndipo mwendo wotsalawo nawonso umakhala pangozi.

Choyamba, pitani nawo kwa a mafizo musanayambitse chilichonse kunyumba. Ku Mzuzu Central Hospital kuli ogwira ntchito za mafizo komanso malo opangira miyendo yoyikirira. Akaone ngati bala lapola, ayeze BP ndi shuga, akuuzeni zomwe thupi lawo lingakwanitse. Funsaninso ngati ndodo zoyendera zili pa msinkhu wawo, chifukwa ndodo zotalika zimakanikiza mitsempha ya m'khwapa mpaka manja kuchita dzanzi.

Chachiwiri chimachitikira pabedi, ndipo apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Timaika pilo pansi pa bondo kuti amve bwino, kapena timawasiya pampando tsiku lonse. Bondo ndi chiuno zikazolowera kupindika zimauma choncho, ndipo mwendo woyikirira umadzavuta kuyenda nawo. Ngati mtima ndi kapumidwe zikulola, azigona chafufumimba kwa mphindi 20 kawiri pa tsiku. Akagona chagada aziwongola bondo n'kulikanikiza pa matiresi, kuwerenga mpaka 5, kenako kumasula. Azichita kakhumi. Akagona cham'mbali azikweza mwendo wodulidwawo pang'onopang'ono n'kuutsitsa. Manja nawo afunika mphamvu poti ndi omwe azinyamula thupi: botolo la malita awiri lodzaza madzi likwanira, kapena azidzikweza pampando pogwira m'mbali mwake.

Chachitatu ndi kuimirira. Ayambe atagwira chinthu chosasuntha, monga tebulo lolemera, inu muli pambali. Konzaninso m'nyumba. Chotsani mikeka yoterereka, ndipo usiku tochi ndi ndodo zikhale pomwe dzanja lawo lifika. Anthu odulidwa mwendo amamva ngati mwendowo ulipobe, nthawi zina umapweteka kapena kuyabwa. Si ufiti, si misala, ndi mmene mitsempha ndi ubongo zimachitira. Koma munthu akadzidzimuka usiku amatha kuponda ndi mwendo womwe kulibe n'kugwa.

Chachinayi, tulukani panja. Kuyenda ndi mwendo woyikirira kumadya mphamvu zambiri kuposa kuyenda ndi miyendo iwiri, makamaka ngati anadula pamwamba pa bondo, choncho akatopa msanga musawanene ulesi. Yambani ndi mphindi 5, muziwonjezera pang'ono sabata iliyonse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsa kulimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, koma kumeneko n'kofikako pang'onopang'ono. Mzuzu ndi wa zitunda, ndipo mvula yathu imachedwa kusiya. Dothi lofiira lija likanyowa, ndodo imatsetsereka. Sankhani malo athyathyathya ngati bwalo la tchalitchi kapena la sukulu, ndipo kukagwa mvula ayende pakhonde. M'miyezi ya June ndi July dikirani dzuwa litenthe kaye.

Akabwera koyenda, vulani mwendo woyikirirawo muone khungu. Malo omwe asintha mtundu osabwerera pakatha mphindi 20, matuza kapena chilonda, zikutanthauza kuti asiye kuuvala mpaka akauone omwe anaupanga. Phazi lotsalalo muziliona tsiku lililonse, mpaka pakati pa zala, ndipo asayende opanda nsapato. Wa shuga amatha kuponda minga osamva. Ngati amabaya insulin kapena kumwa mankhwala otsitsa shuga, asayende ndi njala, ndipo atenge kanthu kotsekemera m'thumba. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena befu wachilendo, imani pomwepo mupite kuchipatala.

Chachisanu, chomwe ndimachiona kuti ndi chachikulu, ndi mmene mumawalankhulira. Munthu amene anakhala zaka zambiri akudzuka m'mamawa kupita pa perete safuna kumveredwa chisoni. Amafuna nthawi yoikika, ntchito yodziwika ndi anzake. Ndiye musanene kuti, "Tiyeni muyeserere kuyenda." Nenani kuti, "Agogo, mawa 7 koloko muwaphunzitse anawa mafizo a ku kampu." Awerenge ndi iwo, alamule ndi iwo. Lembani pa kalendala mphindi zomwe ayenda kuti aziona okha kuti zikukwera. Ulendo uliwonse ukhale ndi kopita: ku bawo, ku kwaya, kukagula buledi, kukathirira mpiru kuseri kwa nyumba atakhala pa mpando. Ngati mukudziwa mnzawo amene anagwira naye ntchito, mupempheni azibwera kawiri pa sabata. Zomwe akana kwa mwana wawo amavomera kwa msilikali mnzawo. Ndipo ngati kwawo ndi ku Nkhata Bay kapena ku Karonga, aikireni nyimbo za malipenga, gule yemwe anachokera ku perete wa asilikali. Mapewa ndi manja zimavina ngakhale munthu ali pa njinga ya olumala.

Pali ena amene amakana zonse, sadya, sagona, amangodzitsekera m'chipinda kapena kuyamba kumwa kwambiri. Pamenepo kukakamiza mafizo sikuthandiza. Kumeneko kungakhale kudwala maganizo, ndipo kumachizika. Ku St John of God mu Mzuzu momwemuno amapereka uphungu ndi chithandizo cha matenda otere. Apiteko ndi munthu amene amamukhulupirira, ndipo mafizo apitirire pang'onopang'ono akamalandira chithandizocho.