Momwe mungagwiritsire ntchito can, could, must ndi should osaoneka wamwano

Mwezi watha ndinaperekeza mng'ono wanga ku ofesi ina muno mu Chipata kukatenga fomu, mnyamata amene anamaliza giledi 12 chaka chatha ndipo Chizungu anakhoza bwinobwino. Tafika pawindo iye nkungoti "Give me the form." Amayi a pawindo paja anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi kenako nkufunsa mu Chichewa kuti iwe mwana unaleredwa kuti? Mnyamata ameneyu kunyumba sangayerekeze kuuza munthu wamkulu kuti ndipatse, amati ndipatseniko amayi, manja onse awiri atatambasula. Vuto ndi loti Chizungu chilibe iwe ndi inu, aliyense ndi you basi, kaya ndi mwana kaya ndi amfumu, ndiye ulemu umene ife timaika mu "-ni" ndi mu "-ko" iwo anaubisa mu timau ting'onoting'ono timene aphunzitsi amati modal verbs. Tiyeni tione momwe mungatigwirire.

Choyamba tidziweni kaye. Tilipo 9: can, could, may, might, will, would, shall, should ndi must. Ena amaonjezapo ought to. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya "-nga-" mu ndingapite, "-dza-" mu ndidzapita, kapena mau oti ndiyenera kupita. Patokha sitinena chochitika, timangokuuzani ngati chinthucho nchotheka, nchololedwa, nchokakamiza kapena munthu akungoganizira chabe.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri timagwera, mneni wobwera pambuyo pake asavale kalikonse. Pasakhale to, pasakhale -s, -ed kapena -ing. "She can cook nshima." Osati she cans, osati she can cooks, ndipo chonde osati "I must to go." Kaya ndi munthu mmodzi kaya ndi mudzi wonse, can amakhalabe can. Ought yekha ndi amene amayenda ndi to wake. Komanso awiri sakhalira mpando umodzi, simunganene I will can come, mumati "I will be able to come."

Ndiye pali uja wotchuka uja, "I can be able to." Timamumva pa misonkhano, pa maliro, ngakhale kwa anthu ovala tayi. Ine ndimaona ngati amachokera kwathu konkuno, chifukwa tikati ndingathe timakhala taika "-nga-" komanso "-tha" mu liu limodzi ndipo mu Chichewa zimamveka bwino kwambiri, koma Chizungu chikufuna musankhepo chimodzi, "I can come" kapena "I am able to come." Mukaphatikiza zili ngati kuvala zipewa ziwiri.

Chachitatu ndi funso ndi kukana, apa sipovuta. Pofunsa mumangosinthanitsa malo, you can kukhala "Can you take me to Mchini?" mukamauza wa njinga, do safunika. Pokana muika not pambuyo: should not, must not, cannot imene imalembedwa ngati liu limodzi. Mwachidule ndi can't, shouldn't, mustn't, ndipo will not imasanduka won't, musandifunse chifukwa chake, ingoloweza.

Chachinayi, manje tabwera pa nkhani ya ulemu ija, ndipo pano ndichedwapo pang'ono. Ganizirani ngati makwerero. Pansi penipeni pali lamulo louma, "Send me the money," limene ndi la mwana wanu kapena mnzanu wa ponda apa mpondepo. Kukwera kamodzi mupeza can, "Can you send me the money?" imeneyi ndi ya anzanu a kuntchito, ya mnyamata wa pa buthu ya mobile money, ya amene mumagula naye tomato ku Kapata tsiku lililonse. Kukweranso ndi could ndi would, "Could you send me the money, please?" ndipo apa ndi pamene pali "munganditumizireko" wathu uja. Anthu ambiri anaphunzira kuti could ndi can wakale basi, zoona amagwiranso ntchito imeneyo monga "I could run fast when I was young," koma mukamapempha could sakunena za dzulo ayi, akungogwada. Kwa abwana, kwa anesi, kwa munthu amene simukumudziwa, gwiritsani could kapena would ndipo simudzalakwa.

May ndi wopempha chilolezo cha inu mwini, odi wa Chizungu tingatero. "May I come in?" amene tonse tinakuwa pakhomo la kalasi tachedwa. "May I sit here?" mu basi ya ku Katete. Zindikirani kuti popempha may amayenda ndi I kapena we, ndiye "May you help me" imene yadzaza mu ma meseji a WhatsApp ija siyolondola, nenani "Could you help me." Ndipo m'malo mwa I want, amene amamveka ngati mwana akulirira fritasi, nenani "I would like." Pongodutsa, "Can you borrow me K50" ndi nkhani ina koma poti tafikapo, wopereka amachita lend, wolandira ndi amene amachita borrow, ndiye ndi "Could you lend me K50?" kapena "Can I borrow K50?"

Kamsampha kena kali pa "Would you mind." Pambuyo pake pamabwera -ing, ndipo lamulo lachiwiri lija silinasweke chifukwa mneni wotsatira would ndi mind, "Would you mind closing the window?" Tanthauzo lake ndi loti kodi zikuvutani mukatseka? Ndiye ngati mukuvomera yankho ndi "No, not at all." Mukati yes mwakana, ngakhale mukumwetulira.

Chachisanu, kukakamiza ndi kulangiza. Must ndi have to ndi za zinthu zimene simungazembe, "You must show your papers at Mwami border." Should ndi langizo chabe, la amalume kapena la alangizi a zaulimi, "You should plant after good rains," mutha kumvera kapena ayi, munda ndi wanu. Koma pokana must ndi have to amasiyana njira ndipo anthu ambiri sadziwa. Mustn't ndi osayerekeza, nkoletsedwa: "You mustn't drink this medicine with beer." Don't have to ndi palibe wokukakamizani, mukafuna chitani: "You don't have to wear an animal skin to watch Nc'wala," kutanthauza kuti ku mwambo wa Angoni umenewu ku Mtenguleni mutha kupita ndi malaya anu wamba, palibe akuthamangitseni. Tangoganizani mlendo mwamuuza kuti "You mustn't bring a gift" pamene mumafuna kunena kuti asavutike ndi mphatso, iye amva ngati kwanu mphatso ndi mlandu. Ana a giledi 12 samalani apa chifukwa ma rewrite a mayeso a ECZ amakonda zotere, akupatsani "It is not necessary for you to come" kuti muyambe ndi You, yankho ndi "You don't have to come" kapena "You need not come," mustn't ayi. Chinanso, must wokakamiza alibe wakale, za dzulo mumati "I had to walk."

Timau tomweti timanenanso kuti mukutsimikiza bwanji. Mitambo yada ku phiri la Kanjala, "It might rain," mwina igwa mwina ayi, ndipo may ndi could apa ndi chimodzimodzi. Mlamu wanu watsika basi yochokera ku Lusaka, makilomita oposa 500 pa Great East Road, mumati "You must be tired," apa must sakulamula kuti atope, akuti ndithu mwatopa. Ndipo chotsutsana naye ndi can't, "That can't be him, he is in Lundazi."

Chomaliza ndi kudandaula za m'mbuyo, "sembe" wathu uja wa kuno kum'mawa kapena ndikanatero. Mutenga should, could, would, might kapena must, muika have, kenako mneni wa mtundu wachitatu, monga gone mu go, went, gone. "I should have bought fertiliser earlier," sembe ndinagula kale feteleza. "You could have called me," bwenzi mutandiimbira. "He must have forgotten," ayenera kuti anaiwala. Ndi have nthawi zonse, ngakhale ndi he kapena she, osati has, ndipo should of imene mumaiona pa Facebook ija ndi khutu chabe likunamiza dzanja. Shall musavutike naye kwambiri, masiku ano amapezeka mu "Shall we pray?" ku tchalitchi ndi m'mapepala a malamulo.

Poyeserera tsegulani foni, muone ma meseji asanu omaliza amene munalemba mu Chizungu kupempha chinachake, muwalembenso ndi could kapena would, kenako muwawerenge mokweza mpaka lilime lizolowere. Mng'ono wanga ndinamuchititsa zomwezo usiku wa tsiku lomwelo, m'mawa mwake anabwerera yekha pawindo paja nkuti "Good morning madam, could I please have the form?" Amayi aja anaseka, nkumuuza kuti lero ndiye wabwera munthu, koma mafomu atha, abwerenso Lolemba.