Munthu akagwa n'kusiya kupuma, musadikire ambulansi, yambani kukanikiza chifuwa

Abale, pali chinthu chomwe ambirife timangochiona m'mafilimu koma chikatichitikira maso ndi maso timangoima n'kugwira kumutu. Munthu wagwa mwadzidzidzi, sakuyankha, sakupuma. Apa mtima wasiya kupopa magazi, ndipo ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi 4 mpaka 6 umayamba kuwonongeka, ndiye ambulansi ngakhale ithamange bwanji kawirikawiri imafika mphindi zimenezi zitadutsa kale. Amene angathandize ndi inuyo amene muli pompo.

Yambani mwaona kuti pamalopo palibe chomwe chingakuvulazeni nanunso, kaya waya wamagetsi, moto kapena magalimoto. Kenako gwadani, mugwedezeni mapewa uku mukumuitana mokweza. Akapanda kuyankha yang'anani chifuwa chake masekondi osapitirira 10, muone ngati chikukwera n'kutsika.

Pamenepa ndi pomwe ambiri timapusitsika ndipo zimandipweteka mtima. Munthu yemwe mtima wangoima kumene amatha kumakoka mpweya apo ndi apo, kukamwa yasa ngati nsomba yomwe yangovuulidwa m'madzi, nthawi zina ndi kamkonono, ndiye anthu amati “akupuma uyu, mupatseni mpata” n'kuyamba kumukupiza. Kumeneko si kupuma ayi. Mukakayika, ingoganizani kuti sakupuma. Musamuthire madzi, musamumwetse chilichonse, komanso musataye nthawi kufufuza ngati mtsempha ukugunda pamkono.

Osangokuwa kuti wina aimbe foni chifukwa aliyense amaganiza kuti mnzake waimba kale. Lozani munthu mmodzi, “inu a malaya ofiira, imbirani ambulansi.” Ngati muli nokha imbani, ikani foni pa laudi, igonekeni pambali muziyankhula manja akugwira ntchito.

Mugonekeni chagada pamalo olimba, pansi penipeni osati pa matiresi. Ikani kumunsi kwa chikhatho chanu, paja pali polimba, pakati pa chifuwa chake, pa theka lakumunsi la fupa lapakati lija, dzanja linalo pamwamba pake zala zitalukana. Zigongono zisapindike, mapewa anu akhale molunjika pamwamba pa manja kuti muzikanikiza ndi kulemera kwa thupi lonse. Chifuwa chilowe masentimita 5 mpaka 6, kokwana 100 mpaka 120 pa mphindi imodzi, tingoti kawiri pa sekondi iliyonse, ndipo mukakanikiza muzichilola kuti chibwerere m'malo mwake musanakanikizenso chifukwa ndi nthawi imeneyo pomwe mtima umadzazanso magazi. Ine nditayesa koyamba pa chidole chophunzirira ndinadabwa mphamvu zomwe zimafunika, thukuta linatuluka mphindi ziwiri zisanathe. N'chifukwa chake ngati mulipo awiri muzisinthana pa mphindi 2 zilizonse, mwachangu, osasiya mpata.

Mwina mudzamva nthiti ikuti thyo pansi pa manja anu. Zimachitika, musasiye. Nthiti imapola.

Njira imeneyi si yongopeka. Kale madokotala ankachita kung'amba chifuwa n'kumafinya mtima ndi dzanja, mpaka mu 1960 pomwe William Kouwenhoven, James Jude ndi Guy Knickerbocker a ku chipatala cha Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore ku America anaonetsa kuti kukanikiza chifuwa kunja kokha kumayendetsa magazi. Ndiye mu 2008 bungwe loona za matenda a mtima la American Heart Association linanena kuti kwa munthu wamkulu yemwe wagwa mwadzidzidzi, amene sanaphunzire kapena sakufuna kuuzira mpweya pakamwa angokanikiza basi, ndi manja okha, popeza m'magazi mumakhala mukadali mpweya kwa mphindi zoyambirira. Ndiye nkhani yonyansidwa kapena kuopa matenda isakulepheretseni.

Ngati munaphunzira, kanikizani ka 30 kenako muuzireni mpweya kawiri, mutu mutaupendeketsa kumbuyo, chibwano mutachikweza, mphuno mutatsina. Kwa mwana kapena munthu yemwe wavuulidwa m'madzi mpweyawu ndi wofunika kwambiri chifukwa vuto lawo limayambira pa kubanika. Kwa khanda musakanikize ngati kwa wamkulu, gwiritsani ntchito zala zazikulu ziwiri manja atazungulira chifuwa chake, chifuwa chilowe pafupifupi masentimita 4.

Pakapezeka kamakina kaja amati AED, kothandiza mtima kuyambiranso kugunda bwino pouwomba ndi mphamvu ya magetsi, kayatseni, kamayankhula kokha n'kukuuzani pomata timapepala take pachifuwa, ndipo kakanena kuti pasakhale womukhudza onse achotse manja, kakangomaliza bwererani pachifuwa nthawi yomweyo.

Pitirizani mpaka achipatala afike n'kukulandirani, kapena munthuyo ayambe kupuma bwinobwino. Akayamba kupuma koma sanatsitsimuke mugonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe, ndipo musachoke, khalani pompo maso ali pachifuwa chake chifukwa mtima utha kuimanso, ukatero mutembenuzeni chagada muyambirenso.