Momwe mungasamalire dimba ndi pabwalo dzuwa lisanafike poipa

Kumadera otentha komanso ouma, masabata omaliza a spring, nyengo yofundirako imene imabwera chilimwe chisanayambe, ndi amene amaweruza ngati dimba lanu lipulumuke chilimwe kapena lipserera. Kumpoto kwa dziko lapansi apa tikunena Meyi mpaka kuchiyambi kwa Juni, kummwera ndi cha mu Novembala. Ntchito yake yagona pa mizu, muyikankhire pansi ndithu kutentha kusanafike.

Yambani ndi kusintha kathiriridwe. Anthu ambiri amangowaza timadzi pamwamba tsiku ndi tsiku nkumati athirira, koma zimenezo zimapangitsa mizu kukhala pamwamba pomwe dothi limapsa msanga, ndiye tsiku limodzi lokha mukaphonya mbewu zonse zafota. Bola kuthirira kwambiri koma mwa apo ndi apo, madzi alowe masentimita 15 mpaka 20 mudothi la ndiwo zamasamba, pa mitengo apitirire pamenepo. Thirirani mmamawa dzuwa lisanakwere, masana madzi ambiri amangouluka. Musanatsegule paipi pisani chala mudothi masentimita 5, kukakhala chinyontho dikirani kaye. Ngati dothi lanu ndi lamakande ndipo madzi akungoyenderera pamwamba, thirirani pang'ono, siyani alowe kwa theka la ola, kenako bwerezani. Lamchenga ndiye limafuna pafupipafupi chifukwa silisunga madzi. Amene muli ndi ma drip, mapaipi othirira modontheza, yenderani mzere uliwonse muone timabowo totsekeka ndi podontha, inoyo ndiye nthawi yake.

Mukatero phimbirani nthaka, ndipo apa ndikuchondelereni musachite ulesi chifukwa palibe chotchipa chomwe chimasunga madzi kuposa ichi. Palirani kaye udzu wonse, umaba madzi a mbewu, thirirani bwino, kenako yalani udzu wouma, masamba ouma kapena timakungwa ta mitengo masentimita 5 mpaka 8. Osaphimbira dothi louma gwa ayi, mungotsekera kuumako mkati. Komanso zophimbirazo zisagunde tsinde, siyani kampata, apo ayi tsinde limawola ndipo tizilombo timabisala pomwepo.

Chachitatu ndi mbewu zomwe. Letesi ndi sipinachi zikamva kutentha zimathamangira kutulutsa maluwa ndipo letesi amayamba kuwawa, kololani basi, malowo mubzalepo zokonda dzuwa monga tsabola, mabilinganya ndi therere. Tomato amakonda kufunda inde koma masana kukamapitirira madigiri 32 Celsius maluwa ake amayamba kuyoyoka osabereka, ndiye mkokereni neti ya mthunzi yotchinga 30 mpaka 50 peresenti ya dzuwa mbali yomwe dzuwa lamadzulo limaomba. Mukaona tomato wada kunsi kwake musathamangire mankhwala, nthawi zambiri ndi kathiriridwe kodumphadumpha komwe kamalepheretsa kashiamu, mchere womwe mbewu imamwa mudothi, kufika mu chipatso. Mbande zatsopano wokerani madzulo ndipo muzitchingire masiku oyamba.

Feteleza chepetsani, makamaka wa nayitrojeni wambiri. Amatulutsa masamba anthete omwe amafuna madzi ochuluka ndipo nsabwe za mbewu zimawakonda. Kompositi yowola bwino pansi pa zophimbira ndi yokwanira.

Kenako tembenuzani masamba muone kunsi. Kukatentha nkuuma akangaude ofiira amaswana mwachangu zedi, ndi ting'onoting'ono moti simutiona bwino, mumangoona timadontho tachikasu pa tsamba ndi kaulusi kopyapyala. Apopereni madzi amphamvu kunsi kwa masamba mmamawa kangapo pa sabata, nsabwe nazo zimachoka choncho. Mankhwala a sopo kapena a mafuta osapopera dzuwa lili phwee, amawotcha masamba.

Kapinga musamumete mpala. Kwezani makina otchetchera, ndipo ulendo umodzi osadula kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwake, wotalikirapo amadzichitira yekha mthunzi ku mizu. Zotchetchazo zisiyeni pomwepo zibwerere mudothi.

Mitengo anthu amayiiwala poganiza kuti ndi yayikulu idzionera yokha, koma yomwe mwabzala zaka ziwiri zapitazi ikufunabe inu. Thirirani mozungulira pomwe nthambi zathera chifukwa mizu yomwa madzi ili kumeneko, osati patsinde. Kudulira kwambiri kusiyeni, khungwa lomwe linali pamthunzi likangoonekera limapsa ndi dzuwa, chotsani zouma ndi zothyoka zokha. Zitsamba zomwe zamaliza maluwa ndiye mutha kuzidulira pano.

Maluwa a mmapoto amauma msanga kuposa china chilichonse, makamaka mapoto akuda a pulasitiki, asunthireni pomwe akupeza dzuwa lammawa lokha ndipo muziwaona tsiku lililonse. Pomaliza tchetchani udzu wouma wonse wozungulira nyumba, sesani masamba padenga ndi mmagatala, nkhuni ziunjikeni patali ndi khoma, chifukwa kumalo ouma moto wolusa umayambira pa zinyalala ngati zimenezi.