Kuthira feteleza wobereketsa kuti asapite pachabe

Achimwene a ku Mufakose ku Harare, mwafunsa chochita poti chimanga chikuchita chikasu ngakhale munathira feteleza wobereketsa wa AN (ammonium nitrate).

Palirani kaye, udzu umalanda chakudya. Kenako gawani fetelezayo pawiri, makamaka ngati munda wanu ndi wamchenga: theka chimanga chikafika m'mawondo, theka linalo chisanamasule ngayaye. Boolani kadzenje ndi kamtengo masentimita 10 kuchokera paphesi, thiranimo kachitsekero kamodzi ka botolo, n'kukwirira.

Dothi likhale lachinyezi. Koma kumwamba kukada bii, dikirani ndithu, chifukwa chimvula chimatsitsira nayitrojeni, chakudya cha mbewu chomwe chili mu fetelezayu, pansi pomwe mizu sifika, ndipo zimandiwawa kuona ndalama zikutha choncho. Mukagula urea, kukwirira musaiwale, pamtunda amauluka ngati mpweya.

Chaka chamawa mubzalepo mtedza kapena soya, poti mbewuzi zimaonjezera nayitrojeni m'nthaka.