Momwe mungasankhire ndi kuyesa ulusi wolukira ngati ubweya wa nkhosa umakuwengani

Anthu ambiri amene ubweya wa nkhosa umawawenga amangotaya singano n'kusiya kuluka, ena amalukabe uku akukanda mpaka manja kutupa. Sipafunika kuvutika chonchi. Ulusi wopanda ubweya ulipo wamitundumitundu, ndipo wina mukhoza kupota nokha. Ntchito yaikulu yagona pa kudziwa chimene chili mu mpukutu umene mwagula, chifukwa kapepala komata pa ulusi ndiponso pakamwa pa wogulitsa sizinena zoona nthawi zonse.

Choyamba, dziwani chimene chikukuvutani

Mavuto alipo awiri ndipo amasiyana. Loyamba ndi kubaya. Tingwe ta ubweya timayezedwa makulidwe mu ma micron, ndipo micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Kangwe kakapitirira ma micron pafupifupi 30 sikapindika kakakhudza khungu, kamalasa. Kuyabwa kwake kumayamba pomwepo ndipo kumazilala mukangovula. Ngati lanu ndi limeneli, ubweya wosalala kwambiri wa nkhosa za merino, wosafika ma micron 20, mwina sungakuvuteni.

Lachiwiri ndi ziwengo zenizeni. Ubweya umakhala ndi mafuta ake otchedwa lanolin, amene bungwe la American Contact Dermatitis Society linawatchula mu 2023 kuti ndi choyambitsa ziwengo chofunika kuchiyang'anitsitsa m'chaka chimenecho. Zidzolo zake zimachedwa, zimatuluka pakapita tsiku limodzi mpaka atatu, ndipo zimakhalitsa. Ena chimene chimawawenga ndi utoto wonyikira ulusi. Khungu likamatupa, kapena mukamabanika pogwira ulusi, kaonaneni ndi dokotala. Amamata timankhwala pamsana kwa maola 48 n'kuona kamene kakuwengani.

Chachiwiri, sankhani ulusi

Ine ndimayambira pa thonje. Silibaya, limachapika, ndipo pa zovala za ana palibe cholipambana. Kuipa kwake n'kwakuti ndi lolemera ndipo likatamuka silibwerera. Pali thonje lonyezimira lonyikidwa m'mankhwala a sodium hydroxide, njira imene John Mercer wa ku England anatulukira mu 1844. Limeneli ndi lolimba, utoto umalowa bwino, koma ndi lokwererapo mtengo.

Linen, wochokera ku mbewu ya fulakesi, amakhala wokhakhala m'manja poluka, komabe amafewa nthawi iliyonse mukamuchapa. Musamuweruze ali pa singano. Ulusi umene amati wa nsungwi nthawi zambiri ndi viscose, nsungwi zosungunulidwa ndi mankhwala kufakitale n'kuzisandutsa tingwe. Ndi wofewa, woterera, ndipo ukanyowa umatalika koopsa. Silika amafunditsa bwino koma thumba limalira. Acrylic, ulusi wopangidwa ndi mankhwala kufakitale, ndiye wotchipa pa onse, wopepuka, wofunda, ndipo pa majuzi a nyengo yozizira ndi amene amayandikira khalidwe la ubweya. Anthu ena amamunyoza, ine ayi.

Chenjerani ndi ulusi wa alpaca, nyama ya ku South America. Ogulitsa amakonda kunena kuti sawenga aliyense poti alibe lanolin wambiri. Komatu ndi ubweyabe wa nyama, chimodzimodzi mohair ndi cashmere za ku mbuzi ndi angora wa ku kalulu, ndipo wina amakhala ndi tingwe tolasa. Mukaonanso mawu akuti superwash, dziwani kuti ndi ubweya wa nkhosa womwewo, angoukonza kuti usafote pochapa.

Chachitatu, yesani ulusi musanaluke ngakhale mzere umodzi

Apa ndi pamene ndikufuna mukhazikike. Ndinagulapo ulusi pa intaneti kwa munthu amene analemba kuti ndi thonje lokhalokha. Unafika wopanda kapepala, wofewa, wamtundu wokongola. Ndinalukira mng'ono wanga juzi ya khosi lalitali, iye amene ubweya umamuwenga kwambiri. Ataivala, khosi lonse linachita zidzolo kuzungulira, ndendende pamene panadutsa kolala, ndipo anavutika nazo nthawi yaitali. Nditatenga kotsala n'kukayatsa, fungo la tsitsi lopserera linadzaza m'chipinda. Munali ubweya. Wogulitsayo nditamufunsa anangoti nayenso anauzidwa choncho. Kuyambira pamenepo ulusi uliwonse umayamba wakumana ndi moto.

Dulani kachidutswa kotalika ngati chala. Kagwireni ndi chopanira chachitsulo pamwamba pa mbale ya madzi, kutali ndi makatani, n'kuyatsa nsonga. Yang'anani moto, nunkhizani utsi, ndipo kakazizira tikitani chotsalacho.

Thonje, linen ndi viscose zimayaka msanga, zimanunkha ngati pepala lopsa, zimasiya phulusa lotuwa lofewa. Ubweya umayaka monyinyirika, umathima wokha mukachotsa moto, umanunkha tsitsi, ndipo umasiya kachibulu kakuda kamene kamafumbutuka mukakatikita. Acrylic amasungunuka, amatulutsa utsi wakuda wa fungo la mankhwala, n'kusiya kachibulu kolimba kosaphwanyika. Musakakhudze kali kotentha, kamamata pachala.

Ulusi wosakaniza ndi umene umapusitsa. Ngati ubweya uli wochepa, fungo la acrylic limaphimba la tsitsi. Choncho muuyesenso kachiwiri. Thirani m'kabotolo kagalasi mankhwala oyeretsera zovala okhala ndi chlorine, ponyanimo kachidutswa kena, siyani usiku wonse pamalo opita mphepo, osasakaniza ndi mankhwala ena alionse. Ubweya umasungunuka n'kutheratu, pamene thonje ndi acrylic zimatsala. Mukapeza kachidutswako kapyapyala kapena kathethekatheka, munali za nyama. Silika nayenso amasungunuka ndipo akapsa amanunkha tsitsi, choncho njira ziwirizi sizingakusiyanitsireni silika ndi ubweya. Silika mugule kwa munthu amene mumamukhulupirira basi.

Kenako khungu liweruze. Lukani kachigamba kakang'ono, kachapeni, kamangeni mkati mwa dzanja kapena kapisireni pakhosi m'kolala. Dikirani masiku atatu musanati zili bwino.

Kapepala kakakhalapo werengani mbali zonse. Ulusi wa sokosi kawirikawiri umakhala 75 peresenti ubweya ndi 25 peresenti nayiloni, ndipo mipukutu yambiri yolembedwa acrylic ndi zilembo zazikulu imakhala ndi ubweya pang'ono wolembedwa kumbuyo. Mawu akuti laine, lana ndi Wolle onse akutanthauza ubweya. Mukaona thonje lapamwamba la Pima likugulitsidwa pa mtengo wa acrylic, musagule. Gulani mpukutu umodzi kaye, ukapambana mubwerere mwachangu kukatenga ina ya nambala ya utoto yomweyo. Njira yachidule ndiyo kumasula majuzi akale athonje, bola muwayesenso ndi moto.

Chachinayi, sinthani kalukidwe

Tsikani pa singano, mutenge zocheperako kuposa zimene mukanalukira ubweya. Kachigamba koyesera kachapeni, kayanikeni kali lende mutapanira zopanira zovala zingapo kumunsi, muone mmene chovala chidzatalikire. Pa ulusi woterera gwirani singano zamtengo. M'mapeto mwa manja ndi m'chiuno lukirani limodzi kaulusi ka lasitiki kuti pasakhale pakamwa. Juzi yathonje ilukeni m'zigawo n'kusoka, misoko ndiyo imagwira kulemera. Muzipumitsa manja, thonje limatopetsa zala.

Chachisanu, kwa ofuna kupota okha

Tingwe ta thonje ndi tatifupi, masentimita 2 kapena 3, choncho timafuna kupotedwa kwambiri ndi kopotera kopepuka kothamanga, monga tahkli wa ku India amene amazungulira atatsamira m'kambale. Kopotera kolemera kolendewera kamangodula ulusi. Mukamaliza, wiritsani ulusiwo m'madzi a sopo pang'ono kuti mapotedwe akhazikike ndi phula lachilengedwe lichoke. Fulakesi poterani ndi zala zonyowa kuti asalale. Ngati zipangizo zinagwirapo ubweya, zipukuteni bwinobwino, ndipo zopesera mukhale nazo zapadera.

Pochapa, thonje ndi viscose yanikani chogoneka. Acrylic musamuike simbi yotentha, akaphwa sadzukanso.