Amêijoa: musanaike mphika pamoto, funsani kumene zakumbidwa

Inu amene munachoka ku Angónia, ku Tete kapena ku Malawi n'kukakhala ku Maputo, Beira kapena Quelimane, mwaonapo pamsika amayi atakhala ndi mabeseni odzaza tizigoba tonyowa. Kumeneko amati amêijoa. Ndi nkhono za m'nyanja ya mchere zokhala ndi zigoba ziwiri zofumbatana ngati zikhatho. Ndiwo yake ndi yabwino, yomanga thupi, ndipo ikalowa mu matapa, chomwe ndi chigwada chathu chomwechi chotendera nsinjiro ndi mkaka wa kokonati, nsima imatha osadziwa. Koma ife okulira kumtunda timaigwira ngati usipa, ndipo pamenepo mpamene timalakwitsa.

Kanyama aka sikayenda kukasaka chakudya. Kamadzikwirira mumchenga ndi phazi lake limodzi, n'kutulutsa timipope tiwiri. Kena kamakoka madzi, kena kamawatulutsa, ndipo kamadya tizomera tosaoneka ndi maso timene kasefa m'madzimo. Tsono sefa sasankha. Ngati pagombepo pamathira ngalande ya zimbudzi, tizilombo ta kolera ndi ta matenda a chiwindi a hepatitis A timatsalira m'thupi mwake, ngakhale chigoba chioneke chowala bwanji. Mu 1988 ku Shanghai anthu pafupifupi 300,000 anadwala hepatitis A atadya nkhono za mtundu umenewu zochokera m'madzi oipa, zosapsa bwino. N'chifukwa chake ndimati funso loyamba pamsika lisakhale la mtengo. Funsani kuti, "Amayi, mwakumba kuti, ndipo liti?" Zokumbidwa pafupi ndi doko, pamathiriro a ngalande za m'tauni, kapena kutangogwa chimvula chokokolola zinyalala, zisiyeni.

Gulani zamoyo zokhazokha. Yamoyo imakhala yotseka, ndipo ikakhala yoyasama pang'ono, igogodeni ndi chala, mudzaona ikudzitseka pang'onopang'ono. Yosatseka, yosweka chigoba kapena yonunkha, tayani osamva chisoni. Pobwerera kunyumba musazimangire m'jumbo, zimafa ndi kusowa mpweya. Ikani m'dengu n'kuphimba ndi nsalu yonyowa.

Pa kuchotsa mchenga ndiye ambiri amaphonya. Akafika kunyumba amaziviika m'madzi a pampopi, osadziwa kuti madzi opanda mchere amazipha. Sungunulani magalamu 30 a mchere, omwe ndi masipuni aakulu awiri, pa lita iliyonse ya madzi aukhondo. Yalani nkhonozo m'beseni osaunjika, madzi angozimiza pang'ono, muike pamthunzi kwa maola awiri kapena atatu. Mukasuzumira mwakachetechete mudzaona timipope tija tatuluka, tikulavula madzi, mchenga utadikha pansi. Zitoleni ndi manja, osakhuthula beseni, kuopa kuti mchenga ubwereremo. Dziwani bwino: kuviikaku kumachotsa mchenga basi. Matenda amatha ndi moto.

Pophika, zikayasama musafulumire kuphula. Zibwate mphindi zina 3 mpaka 5. Imene yakana kutseguka itayeni. Zosaphika musadye, makamaka amayi oyembekezera, ana, okalamba ndi onse amene chitetezo cha m'thupi mwawo chinatsika.

Pali choopsa china chimene ngakhale moto sungachithe. Nthawi zina tizomera ta m'nyanja timaswana kwambiri mpaka madzi kufiira, monga zimachitikira kawirikawiri kugombe la kumadzulo kwa South Africa, cha ku Elands Bay ndi St Helena Bay. Tina mwa tizomerati tili ndi poizoni amene nkhono zimasunga kwa milungu ingapo madzi atayera kale. Abale amene muli ku Cape Town, boma likachenjeza, mverani, ndipo kumbukirani kuti kutola nkhono pagombe kumeneko kumafuna chiphaso. Munthu akadya n'kuyamba kumva dzanzi pamilomo, lilime ndi zala, kapena kubanika, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Kwa inu okumba nokha, madzi amaphwa kwambiri mwezi ukakhala wathunthu ndiponso ukafa, ndipo masiku amenewo mpamene mchenga wa kugombe la Costa do Sol ku Maputo umadzaza anthu. Chonde tengani zazikulu. Nkhono zimaswana pomwaza mazira m'madzi, ana ake amayandama masiku angapo asanakhazikike pansi, ndipo kukula kwake n'kwapang'onopang'ono. Mizere ya pachigoba imasonyeza mmene yakulira, ndipo ina imene anaivuula kufupi ndi Iceland mu 2006 anaiwerengera zaka 507. Zathu za kuno sizifika pamenepo, komabe kakang'ono ngati chikhadabo sikanaswepo n'kamodzi komwe. Kabwezereni pamene mwakapeza, mukakwirire ndi mchenga wonyowa kuti dzuwa ndi mbalame zisakapeze madzi asanabwerere.