Momwe mungamwere mapiritsi owonjezera magazi mosadzivulaza komanso moteteza ana

Mayi woyembekezera akayamba sikelo, kaya ndi ku chipatala chachikulu cha Kasungu, ku Mtunthama, ku Nkhamenya kapena ku chipatala chaching'ono cha kwawo, amabwerako ndi mapiritsi owonjezera magazi. Mapiritsiwa amakhala ndi ayironi ndi folic acid, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi wapakati azimwa mamiligalamu 30 mpaka 60 a ayironi tsiku lililonse. Chodandaulitsa n'chakuti ambiri amasiyira panjira chifukwa cha mseru, chonsecho kuchepa kwa magazi n'koopsa kwambiri pa nthawi yochira.

Choyamba, dziwani zimene si zodetsa nkhawa. Chimbudzi chimada, nthawi zina mpaka kuchita bii, chifukwa ayironi amene thupi silinatenge amatulukira kumeneko. Ena amamva mseru, kupotokola m'mimba, kudzimbidwa kapena kutsekula pang'ono, ndipo m'kamwa mumamveka ngati mwanyambita chitsulo. Izi kawirikawiri zimachepa thupi likazolowera. Mphekesera yakuti mapiritsiwa amakulitsa mwana mpaka kuvuta pobereka isakuletseni kumwa, pakuti chimene chimaika moyo wa mayi pachiswe ndi kukafika tsiku lochira magazi ali ochepa.

Chachiwiri, sinthani kamwedwe m'malo mosiya. Ayironi amalowa bwino m'thupi m'mimba mukakhala mopanda kanthu, koma ngati zimenezi zikukusanzitsani, imwani mutangodya nsima yamadzulo kapena pokagona. Ngati mwadzimbidwa, onjezerani madzi akumwa, masamba monga bonongwe ndi nkhwani, komanso mapapaya. Mukaiwala tsiku limodzi, pitirizani mawa lake ndi piritsi limodzi. Musamwe awiri pofuna kubweza.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: piritsi lisamwedwe ndi tiyi. Tiyi, khofi ndi mkaka zimalepheretsa ayironi kulowa m'thupi, choncho pazipita maola pafupifupi 2 pakati pa zakumwazi ndi piritsilo. Dothi limene amayi ena oyembekezera amalilakalaka nalonso limatchinga ayironi, ndipo chilakolako chimenechi nthawi zambiri chimasonyeza kuti ayironi ndi wochepa kale m'thupi, kotero nkhaniyi muiulule kwa anamwino mopanda manyazi. Imwani piritsi ndi madzi, ndipo ngati pali lalanje, gwafa, mango kapena malambe, idyani pomwepo chifukwa vitamini C amathandiza.

Chotsatira, auzeni achipatala mankhwala onse amene mukumwa. Ayironi amachepetsa mphamvu ya ciprofloxacin ndi doxycycline, ndipo mankhwala a kutentha pamtima monga magnesium trisilicate amachepetsa ayironi wolowa m'thupi. Amene ali pa ma ARV a TLD asamale kwambiri, chifukwa ayironi amagwirana m'mimba ndi dolutegravir, amodzi mwa mankhwala amene ali mu TLD. Njira yake ndi kumwa zonse pamodzi ndi chakudya, apo ayi kumwa ma ARV maola 2 musanamwe ayironi kapena maola 6 mutamwa.

Musadzigulire mapiritsiwa pongoona kuti mukufooka kapena m'manja mwayera. Magazi amachepanso chifukwa cha malungo, njoka za m'mimba, likodzo kapena kutaya magazi mobisika, ndipo ayironi payekha sachiza zimenezi. Odwala matenda a magazi obadwa nawo a sickle cell ndi amene amaikidwa magazi pafupipafupi asamwe popanda chilolezo cha dokotala, chifukwa ayironi wochuluka amaunjikana m'chiwindi ndi mumtima. Kayezetseni kaye. Thamangirani ku chipatala ngati chimbudzi chakudacho chili chomata ngati phula ndi chonunkha kwambiri, ngati muli magazi, ngati mukusanza osalekeza kapena m'mimba mukupweteka modetsa nkhawa.

Chachikulu pa zonse ndi kasungidwe. Mapiritsiwa nthawi zambiri amakhala ofiirira ndi osalala, moti mwana wazaka 2 amawayesa maswiti, koma ochepa chabe akhoza kumupha. Musawasiye pawindo, kunsi kwa pilo, m'buku la kuchipatala kapena kuwamanga pansonga ya chitenje. Atsekereni m'sutikesi kapena m'kabati ya pamwamba, ndipo musamwe mwana akuonerera.

Mukapeza mwana ali ndi kapepala ka mapiritsi kong'ambika, musamusanzitse, musamupatse mankhwala azitsamba, ndipo musadikire zizindikiro. Mwana wotere amatha kusanza ndi kutsekula m'maola 6 oyambirira, kenaka n'kuoneka ngati wachira, kumasewera bwinobwino, pamene chiwindi chikuwonongeka mkati. Pezani kabaza kapena galimoto nthawi yomweyo, ngakhale uli usiku, ndipo tengani kapepalako ndi mapiritsi otsalawo kuti dokotala awerengere kuchuluka kwa amene mwanayo wameza.